Mutu 6: Matumba Atatu a NyaKondowe

1. Kabaza ndi Ngolo

Pa chigayo cha gulu lina la alimi ku Hara, m'boma la Karonga, panali makina awiri opunthira mpunga, ndipo onse awiri anali ndi maina.

Atsopano, oyendera magetsi, anthu ankawatcha Kabaza chifukwa cha liwiro. Kabaza ankamaliza thumba la mpunga wosapuntha pa mphindi khumi. Akale, a dizilo, ankatchedwa Ngolo. Ngolo inkatenga mphindi makumi awiri pa thumba, uku ikutsokomola utsi, koma sinkasankha. Chilichonse chimene waithira inkatafuna mpaka chituluke.

Pakhomo panali tebulo, mpando ndi buku la mzere. Mwini mpandowo anali a Reginald Kondowe, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankalemba dzina la aliyense wobwera, matumba ake, ndi makina amene mpunga wake ulowemo.

Koma sabata imeneyo a Kondowe anali gone m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, atagwa pa njinga yamoto. Akazi awo anali komweko kuwadikirira. Komiti inalola kuti mwana wawo Khumbize, mtsikana wa Folomu 3, agwirizire mpandowo pa tchuthi cha Pasaka.

Wapampando wa komiti, a Hudson Mwalwanda, sanabise maganizo awo. Anati mpando umenewo ukufunidwa ndi anthu atatu, ndipo mmodzi wa iwo ndi mlamu wawo. Anati Lachisanu kubwera mpunga wa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko, ya kumapiri, matumba makumi awiri ndi anayi. Lole idzafika 4 koloko masana ndipo idzanyamula zokhazo zimene zasokedwa. Mpunga umenewo ukadzatsala, sukuluyo idzasamukira ku chigayo china, ndipo buku la mzere silidzabwereranso m'manja mwa a Kondowe, mwendo upole usapole.

Khumbize anayankha kuti wamva. Kunena zoona, anasangalala. Pa masamu ankakhala nambala wani chiyambire Folomu 1, ndipo pa masiku anayi amene anakhala pampandowo anali ataona kale kuti mzere wa pachigayo umayendetsedwa mopanda masamu.

2. Pepala lojambulidwa ndi rula

Lachisanu m'mawa Khumbize anafika ndi pepala lojambulidwa ndi rula. Pamwamba anali atalemba lamulo latsopano: oyamba ndi a matumba ochepa.

Analifotokoza kwa a Stanford Chikafa, oyendetsa makina. A Chikafa anali a ku Ntcheu. Anabwera ku Karonga kalekale pa ntchito ya boma ya zaulimi, anapuma, osabwereranso kwawo. Chitumbuka chawo chinali chikadatsimphinabe, choncho aliyense ankawalankhula Chichewa pofuna kuti nkhani ithe msanga.

Khumbize anati munthu wa thumba limodzi akaima kumbuyo kwa wa matumba makumi awiri ndi anayi, adikira maola anayi chifukwa cha ntchito ya mphindi khumi. Koma wa matumba ambiriyo akaima kumbuyo kwa wa thumba limodzi, angotaya mphindi khumi basi. Choncho m'mawa wonse ukhala wa ntchito zing'onozing'ono. Mpunga wa sukulu ulowa mwa Kabaza 11:30, utha 3:30, ndipo patsala theka la ola lopumira lole isanafike.

A Chikafa anawerenga pepalalo kawiri. Kenaka anapukuta manja pa ovolosi nayamba.

“Masamu ako ndi olondola, mwanawe, sindikutsutsa. Koma wakuuza ndani kuti thumba ndi mphindi khumi? Limenelo ndi thumba la m'buku la kusukulu. Thumba la kuno lili ndi khalidwe lake. Lina limabwera louma, Kabaza amalimeza pa mphindi zisanu ndi zinayi. Lina mwini wake waliyanika tsiku limodzi lokha, likalowa limamatirira m'sefa ngati phala, ndiye timazimitsa, timatsegula, timapala, timayambanso. Lina muli mwala. Lina muli msomali umene mwini wake akuufunafuna kunyumba. Ine ndakhala pa makina awa zaka khumi ndi ziwiri, koma sindinganene kuti thumba ili litha nthawi yakuti lisanathe. Chimene ndimadziwa n'chakuti thumba lina ndi lokayikitsa kuposa linzake.”

Anatsegula buku la mzere naloza kamzere kakang'ono ka kumapeto kwa tsamba. M'menemo a Kondowe ankalemba chilembo chimodzi pa dzina lililonse.

“Bambo ako amapisa dzanja mpaka pakati pa thumba, osati pamwamba, n'kuluma njere. Ikati tswa, ndi wouma. Amalemba u, umapita kwa Kabaza. Ikangophwanyika mwakachetechete ngati mtedza wauwisi, ndi wonyowa, amalemba n, umapita ku Ngolo kapena umabwerera padzuwa. Nyengo ino mpunga woyamba angodula kumene, ndipo mvula siinatsanzike. Usalembe chilembo chimene mano ako sanamve. China: ntchito imene ili ndi lole yoidikira, bambo ako amaiyamba m'mawa, anthu adandaule asadandaule. Theka la ola wasiyali, mpunga wonyowa umalidya usanakupatse n'moni yemwe.”

Khumbize anayankha mwaulemu kuti zoluma aziluma. Koma zoyamba ndi sukulu anakana. Anati zikatero Kabaza atsekeka mpaka 11 koloko, ndipo anthu onse aunjikana pa Ngolo popanda chifukwa.

“Buku ndi lako,” anatero a Chikafa. “Ine ndimathira chimene chalembedwa.”

Nthawi yomweyo ngolo ziwiri za ng'ombe zinali zikutsitsa matumba a sukulu. Wobwera nawo anali Mayi Prisca Gomani, mphunzitsi woyang'anira chakudya, mayi wa ku Zomba wamfupi ndi wachangu. Anali atalawira dala kuti akhale woyamba. Atamva kuti ayamba 11:30, anayang'ana Khumbize, anayang'ana pepala, anayang'ananso Khumbize.

“Ndiye kuti ndabwera woyamba kuti ndikhale womaliza?”

Khumbize anayamba kufotokoza za munthu wa thumba limodzi. Mayi Gomani anati iwo amaphunzitsa zaulimi, osati masamu, ndipo chimene akudziwa n'chakuti atsikana mazana atatu afika Lamlungu m'nyumba yosungira chakudya mulibe kanthu. Anakhala pamwamba pa matumba awo, foni ili m'manja.

3. Ankhazi

Chosautsa n'chakuti pepalalo linagwira ntchito.

A thumba limodzi ankalowa n'kutuluka asanapeze pokhala. A matumba awiri ankatsatira. Khumbize analuma njere za anthu asanu ndi mmodzi oyambirira, ndipo zonse zinati tswa. Mankhusu atayamba kumukakamira m'mano, anasiya kuluma. Ankangolemba u, ndipo Kabaza sanadandaule.

Pofika 10:30 anthu asanu ndi anayi anali atapita kwawo. Mayi wina ananena m'Chitumbuka kuti mwana ameneyu akhalebe pampandopo ngakhale bambo ake atachira. Khumbize anatembenuka kuti aone ngati a Chikafa amva. Iwo anali akuthira girisi.

Nthawi ikuyandikira 11 koloko panafika njinga zitatu, iliyonse ndi thumba. Kumbuyo kwake kunkayenda NyaKondowe, mlongo wa bambo ake a Khumbize. Khumbize ankawaitana kuti Ankhazi, monga mwa chikhalidwe cha kumeneko, ndipo chigonekedwere bambo ake m'chipatala ankagona ndi kudya kwa iwowo. Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wawo Hilda, ndipo mpungawo unali wa alendo.

Mpunga umenewo Khumbize ankaudziwa. Anaudula Lachitatu. Lachinayi anauyanika pa lona, ndipo masana kunawaza mvula. Khumbize yemweyo ndiye anagwira mbali ina ya lona pothawitsira m'khonde.

Anatambasula dzanja kuti apise m'thumba. Ankhazi analimenya pang'ono. Anamuuza m'Chitumbuka, motsitsa mawu, kuti mwana amene amadya m'nyumba mwawo sangayese mpunga wawo ndi mano pamaso pa anthu ngati wa mlendo. Kenaka anakweza mawu m'Chichewa kuti a Chikafa amve.

“Wauma uwu, masiku atatu padzuwa. Matumba atatu okha. Si ndiwe wanena kuti ochepa ayambe, iwe Khumbi? Mbiri yafika kale kumudzi.”

Khumbize anayang'ana pepala. Pa Ngolo panali anthu anayi odikira. Kabaza anali atangomaliza. Matumba atatu ndi mphindi makumi atatu, ndipo nthawi inali 10:55. Atha 11:25. Pepala linkalola.

Analemba dzina. Analemba 3. Pa kamzere kakang'ono kaja cholembera chinaima pang'ono, kenaka chinalemba u.

A Chikafa anabwera kudzawerenga buku monga mwa nthawi zonse. Anafunsa ngati waluma. Ankhazi ndiwo anayankha, kuti mwanayo waona ndi maso ake mpungawo ukuuma. A Chikafa anadikira kuti Khumbize anenepo kanthu. Khumbize ankasongola pensulo.

Ananyamula thumba loyamba nakalithira mwa Kabaza.

4. Kwatsala pang'ono

Theka la thumba linadutsa bwino. Kenaka phokoso la Kabaza linasintha. Lamba anayamba kulira, ndipo mpunga wotuluka unachepa mpaka unaleka.

A Chikafa anazimitsa, anatsegula, anapala sefa, anatseka, anayatsanso. Zimenezo zinatenga mphindi khumi ndi zisanu. Thumba loyamba linatha 11:35, ndipo theka la mpungawo linatuluka lili chenga, zidutswa zimene palibe angaphikire alendo a chinkhoswe.

Ankhazi anati makinawo ndi amene ali ndi vuto. Anati thumba lachiwiri ndi louma kwambiri chifukwa linali m'mphepete mwa lona. Khumbize anawerenganso. Ngati awiri otsalawo atenga mphindi khumi lililonse, sukulu iyamba 11:55. Pepala linkalolabe, ngakhale monyinyirika.

Thumba lachiwiri linatseka sefa pa mphindi zisanu.

12 koloko inakwana a Chikafa atagwada ndi chitsulo chopalira. Anayatsa, Kabaza anayenda pang'ono, anatsekanso. Nthawi iliyonse makina akaima, Ankhazi ankasuzumira m'chothirira n'kunena kuti kwatsala pang'ono. Khumbize ankafufuta nambala n'kulemba ina. Atafufuta kachitatu, pepala linabooka.

Mayi Gomani anaimbira dalaivala wa lole. Iye anayankha kuti wanyamula simenti, akufuna akwere mapiri mvula isanagwe, ndipo 4 koloko ndi 4 koloko. Mayiwo anatsika pa matumba awo nadzaima patsogolo pa tebulo. Sanakalipe. Anangofunsa ngati pepalalo lili ndi malo olembapo zimene akawauze atsikana mazana atatu Lamlungu.

Nthawi inali 12:35. Khumbize analowa m'chigayo nafunsa a Chikafa kuti kwatsala mphindi zingati.

“Sindikudziwa,” anatero a Chikafa, osadzuka pamene anagwada. “Zikhoza kukhala khumi. Akhoza kukhala maola awiri. Tamvera, mwanawe. Ntchito ikapitirira nthawi yake kawiri, sikuti yatsala pang'ono kutha. Ikukuuza kuti si ntchito imene unkaiganiza ija. Anthu ambiri amakana kuitsitsa. Amati tataya kale ola lathunthu, tingomaliza. Koma ola limenelo lapita, uitsitse usaitsitse. Silibweranso. Funso ndi la maola amene atsalawa, kuti uwapatsa yani. Ndinaonapo munthu akuthira thumba lachitatu chifukwa choti awiri oyamba anamuvuta, ngati kuti makina amamva chisoni. Samva. Ndipo usayembekeze kuti ine ndizimitsa ndekha. Ine ndine wobwera kuno, amayiwa ndi eni mudzi. Mawa anthu akadzafunsa kuti anachotsa mpunga wa NyaKondowe ndani, yankho likhale limodzi. Buku ndi lako.”

Kunja Ankhazi anali atamasula kale thumba lachitatu.

Khumbize anaima pakhomo, pepala lobooka lili m'manja. Mbali ina kunali nyumba imene ankagona. Mbali ina kunali matumba makumi awiri ndi anayi ndi mpando wa bambo ake.

“A Chikafa, musayatsenso. Tulutsani umene watsalawo.”

Kenaka anapita kwa Ankhazi. Anagwada pang'ono, koma mawu sanatsitse mokwanira.

“Ankhazi, mpungawu ndi wonyowa. Ndinagwira nawo lona dzulo mvula ikugwa. Tiuyanike pasimenti pano. Mawa m'mawa upunthidwa alendo asanafike.”

Anthu onse odikira anamva. Ankhazi analankhula m'Chitumbuka. Anati Reginald walera mwana wovula akuluakulu pagulu. Anati mwana wasukulu akadziwa kugawa ndi kuchulukitsa amaiwala mbale imene wadyera m'mawa. Anati aganize bwino kumene akagone lero. Anakweza matumba awo pa njinga, la chenga lomwe, nachoka osatsanzika aliyense.

5. Mano

A Chikafa anati kuyeretsa Kabaza kutenga mphindi makumi awiri, mwina. Mawu akuti mwina anawatchula mokweza.

Khumbize anatembenuza pepala. Kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko ndi maola atatu. Kabaza akathamanga osapunthwa, apuntha matumba khumi ndi asanu ndi atatu. Asanu ndi limodzi atsala. Njira inali imodzi yokha: Ngolo ithandize. Koma pa Ngolo panali anthu anayi aja.

Anapita kwa iwo wopanda pepala. Anawauza kuti walakwitsa ndi iyeyo, ndipo akupempha kuti alole mpunga wa sukulu udutse. Lole ikangochoka, makina onse awiri akhala awo mpaka amalize.

Atatu anang'ung'udza koma analola. Wachinayi, a Jeffrey Mwakasungula, anali ndi matumba asanu ndipo anafika 8 koloko. Anaimirira nafunsa, akusakaniza ndi Chitumbuka.

“Ine nikukufumba, mwana wa Kondowe, lamulo lakoli likulanga ndani? Nthawi iliyonse ndikayandikira, kukutulukira munthu wa thumba limodzi n'kundidutsa. Ndiye kulima kwambiri ndi mlandu? Akanabwera makumi awiri a thumba limodzi, ine ndikanagona pano?”

Khumbize anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anapeza kuti yankho lolondola ndi lakuti eya. Pepala lake linalibe malo a munthu amene wadikira kale maola asanu. Anapepesa, nalonjeza kuti iwo ndiwo ayambe. A Mwakasungula anakhala pansi pokhapokha Mayi Gomani atawauza za atsikana mazana atatu, ndipo anakhala chofulatira tebulo.

Khumbize anapempha Mayi Gomani kuti amasule matumba onse. Mayiwo anafunsa ngati ino ndi nthawi yoyamba masewera ena. Khumbize anafunsa kuti mpungawo anagula kwa alimi angati. Anati asanu ndi awiri, ndipo mpunga wina ndi wa chaka chatha, wina watsopano. Atatero anamasula okha thumba loyamba.

Khumbize anapisa dzanja mpaka m'chigongono, anatapa, analuma. Tswa. Analemba u pathumba pomwepo ndi khala. Anapita pa lina. Pofika thumba lakhumi nkhama zinali zikuwawa. Pofika lomaliza lilime linali litachekeka ndi mankhusu. Matumba khumi ndi asanu ndi anayi anati tswa. Asanu anaphwanyika mwakachetechete.

Anawakokera pambali asanuwo. Anauza a Chikafa kuti amenewo apita ku Ngolo, ndipo ayambe ndi iwowo, kuti adziwike msanga ngati ndi ovuta. Akatha, Ngolo itengenso awiri ouma. Kabaza atenga khumi ndi asanu ndi awiri, ouma okhaokha.

A Chikafa anafunsa kuti okayikitsawo wawalembera mphindi zingati.

Khumbize anawaonetsa pepala. Pa asanuwo panalibe nambala. Anangolembapo chizindikiro cha funso.

A Chikafa anagwedeza mutu kamodzi, nanyamula thumba loyamba kupita nalo ku Ngolo. Nthawi inali 12:50.

6. Lole

Masana onse palibe amene anakhala pansi. Kabaza anayamba 1 koloko. Thumba lina ankalimaliza pa mphindi zisanu ndi zinayi, lina khumi ndi ziwiri, ngakhale onse anali ndi u wofanana. Ngolo inatafuna thumba lokayikitsa loyamba kwa mphindi makumi awiri ndi zisanu, lachiwiri makumi atatu ndi zisanu, lachitatu makumi awiri ndi ziwiri. Khumbize ankalemba nthawi thumba likatha, osati lisanayambe.

Mayi Gomani anavula nsapato n'kuyamba kusoka matumba a mpunga woyera. A Mwakasungula, atatopa ndi kufulatira, anayamba kuthandiza kunyamula, uku akukumbutsa aliyense kuti akuchita zimenezo pofuna kuti nthawi yawo ifike msanga, osati chifukwa cha chifundo.

Pa thumba la khumi ndi chitatu Kabaza anakuwa ngati wapondedwa. Munali msomali. A Chikafa anautulutsa patapita mphindi khumi ndi ziwiri, nauika patebulo pafupi ndi rula ya Khumbize.

Ngolo inamaliza okayikitsa asanu aja 3:20. Patsala mphindi ziwiri kuti 4 koloko ikwane, lole inaima pakhomo. Kabaza anali pa thumba lake lomaliza. Ngolo inali isanafike pakati pa lake.

Dalaivala, mnyamata wamkulu dzina lake Wisdom, sanazimitse injini. Anati anyamula zimene zasokedwa, monga anagwirizanirana. Mayi Gomani anati ayambe kukweza. Atatsegula kumbuyo, anapeza kuti matumba a simenti adzaza paliponse. Mpunga sungagone pa simenti. Panafunika kusuntha matumbawo, kusesa, kuyala lona, ndiye n'kukweza.

Ntchito imeneyo sinali pa pepala la Khumbize, loyamba kapena lachiwiri. Inatenga mphindi khumi ndi zisanu.

Kabaza anamaliza 4:04. Ngolo, mosafulumira ngati masiku onse, inalavula njere yake yomaliza 4:11. Mayi Gomani anasoka thumbalo ataimirira, Wisdom akuliza hutala, ndipo a Mwakasungula analiponya m'mwamba lole itayamba kale kusuntha.

Mayi Gomani anakwera nsapato zili m'manja. Anasuzumira pawindo nauza Khumbize kuti ulendo wina adzabwera womaliza, mwina adzakhala woyamba.

Khumbize anakhala pampando wa bambo ake.

“Usakalembe kuti masamu agwira,” anatero a Chikafa akudutsa ndi thumba la a Mwakasungula. “Yakupulumutsa ndi simenti.”

7. Chilembo chimodzi

Anthu anayi aja anamaliza dzuwa likadalipo. Khumbize anali akusesa mankhusu pakhomo pamene a Mwalwanda, wapampando wa komiti, anafika akukankha njinga. Kumbuyo kwawo kunali Ankhazi.

A Mwalwanda anati amva kuti lole yapita ndi mpunga wonse. Anati zimenezo n'zabwino, ndipo pa nkhani ya sukulu mpando wa a Kondowe palibe augwire. Khumbize anatsala pang'ono kumwetulira.

Koma pali dandaulo, anapitiriza. Membala wa gulu wabweretsa mpunga wa chinkhoswe, wabwerera ndi chenga. Makina atsopano aima pafupifupi maola awiri. NyaKondowe akuti mpunga wawo unali wouma, ndipo akuti buku likuwachitira umboni.

Anatsegula buku, natsetsereka ndi chala mpaka pa dzina la NyaKondowe. Pa kamzere kakang'ono panali u, wolembedwa bwino, ndi dzanja la mtsikana wa nambala wani.

“Apa pali njira ziwiri,” anatero a Mwalwanda. “Ngati unali wouma monga mwalembedwamu, ndiye kuti waphwanya mpunga ndi woyendetsa makina, ndipo komiti iona ngati msinkhu wa a Chikafa ukuwalolabe ntchito imeneyi. Ngati unali wonyowa, ndiye kuti buku la a Kondowe limalemba zabodza likaona wachibale, ndipo nkhani ya mpando iyambiranso. Komiti ikumana mawa 8 koloko. Udzabwere, udzatiuze chilembo ichi.”

Anatseka buku naliika m'khwapa.

A Chikafa anamva zonse. Anali akutseka chitseko cha chigayo, ndipo anatenga nthawi yaitali pa loko amene masiku onse ankatsekeka msanga. Sanayang'ane Khumbize.

Ankhazi anasendera pafupi. Mawu awo anali atafewa, ngati masana sanakangane.

“Tiye kunyumba, mwana wane,” anatero. “Madzi osamba ndakuikira kale. Tikakambirane zimene ukanene mawa.”

Khumbize anatola rula yake patebulo. Msomali uja unali pomwepo. Anautenga nawonso, nauika m'thumba la siketi, n'kutsatira Ankhazi, khusu la mpunga likadali pakati pa mano.